Wodula Siponji wa Pansi pa Mlatho

Pansi pa mlatho wa sitima ku Peckham pali kashopu ka chitseko chobiriwira komwe Wilbroad Sakala amadulira siponji. Sitima ikamadutsa pamwamba makoma amanjenjemera, ndipo tinyenyeswa ta siponji timauluka pang'onopang'ono m'kuwala kwa pakhomo ngati thonje la kwawo ku Katete. Wilbroad amayamba waima, n'kumatiyang'ana mpaka titatera.

Ntchito ya mipando anaiphunzirira ku Lusaka. Atafika ku London anatsukapo mbale, analonderapo masitolo, kenaka anapeza malo pano. Makasitomala ake ambiri ndi anthu ogula mavani akale n'kuwasandutsa tinyumba togonamo paulendo. M'vani mulibe ngodya yowongoka: pamwamba pa matayala pamatukuka, khoma limapindika, kabati amalowa pomwe mwendo umafuna kutambasuka. Ndiye eni ake amabweretsa makatoni odulidwa motsata malo ogonawo, Wilbroad n'kuwayala pa siponji, kulemberera m'mbali, n'kuyendetsa sowo yamagetsi mofatsa. Ali mkati modula amafunsa komwe vaniyo ikulowera. Akamva zoti ku Scotland, tsiku lonse amaona nkhungu ndi nkhosa m'maso mwake. Mkazi wake, Edna, amamuseka kuti dziko lonse analiyendera pamisana ya anthu ena.

Tsiku lina kunabwera mayi wina dzina lake Daisy, katoni ali m'khwapa. Ataona dzina la Sakala pachitseko anapereka moni m'Chichewa, kenaka n'kupitiriza m'Chingerezi, poti anakulira konkuno. Anati akufuna matilesi a m'vani a bambo ake, a Hudson Likongwe, omwe anali mphunzitsi ku Dedza asanathawe kwawo zaka zija munthu ankasowa chifukwa cha mawu amodzi. Tsopano anali atakalamba, atafa ziwalo mbali ya kumanzere, ndipo madokotala anali atawaletsa kukwera ndege. Chimene ankapempha chinali chimodzi, kuonanso phiri. N'chifukwa chake Daisy anagula vani, kuti awatengere ku mapiri a ku Wales.

Wilbroad anayang'ana katoniyo nthawi yaitali. Anati imeneyi yamuuza za vani, koma za thupi la madalawo sinanene kanthu, choncho anapempha kuti akawaone.

Loweruka anakwera basi ya ku Greenwich, komwe madalawo ankakhala. Anawapeza a Likongwe pampando pafupi ndi zenera, atafunda bulangete m'miyendo.

"Kwanu n'kuti, mwanawe?"

"Ku Katete, bambo."

"Ndiye ndiwe wathu. Malire aja ndi apapepala."

Wilbroad atawafunsa mmene amagonera, anayankha kuti sagona, amangodikira kuti kuche. Iye ndi Daisy anawagoneka pabedi, ndipo Wilbroad anagwada, n'kulowetsa dzanja pansi pa phewa, pansi pa chiuno, kumvetsera pomwe fupa likukanikiza. Dzanja lakufa lija linkalendewera n'kumakoka khosi. Madalawo anangotseka maso, namusiya achite ntchito yake.

Sabata yotsatirayo Wilbroad anayamba kukonza matilesiwo kushopu. Pansi anaika siponji yolimba, pamwamba yofewa, n'kuzimata ndi guluu. Pomwe padzakhale chiuno anakumba kadzenje kosazama, akusema pang'onopang'ono ndi mpeni wautali, kusisita, kusemanso. Dzanja lija analidulira kakhushoni kakekake kotsetsereka. Nthawi zina ankagonapo yekha chammbali, atafooketsa dala mkono wamanzere, kuti amve zomwe madala adzamve. Sitima zinkadutsa pamwamba pake iye ali ku Dedza, komwe sanapondeko chibadwire.

Anakapereka matilesiwo masana ena a m'mwezi wa Meyi. Vani inaima mumsewu pansi pa mtengo waukulu. Atawanyamula a Likongwe n'kuwagoneka, chitseko cham'mbali anachisiya chotsegula. Madalawo anapuma mozama, maso ali pa masamba ogwedezeka, kenaka anayamba kusimba: za nkhungu yotsika m'phiri mpaka kulowa m'kalasi, za fungo la paini, za amayi ogulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu, za ana obwera kusukulu manja atawabisa m'khwapa chifukwa cha chisanu. Wilbroad, atakhala pasitepe ya vani, anawonjezapo mapiri a kwawo, ndipo kwa kanthawi msewu wa Greenwich unazimirira. Mawu a madala anayamba kutalikirana, mpaka anathera pakati pa dzina la mudzi wina. Anali atagona, kukamwa kuli yasa. Daisy anatembenukira kumpanda, akupukuta m'maso.

Ku Wales sanafikeko. Pa ulendo woyeserera thupi la madala linatopa msanga, ndipo anakaima pa kaphiri kena ku Surrey. Daisy atabwera kushopu anamuuza Wilbroad kuti bambo ake anakayang'ana kaphiriko kuyambira pansi mpaka pamwamba, n'kufunsa kuti chulu chimenechi ndi cha chiswe chamtundu wanji. Madalawo anaseka mpaka kutsokomola, komabe anakana kuchokapo mpaka dzuwa litapendeka.

Daisy anali atabwerera matilesi ena, a pabedi la m'nyumba. Wilbroad anawadula mofanana ndendende ndi oyamba aja, koma a Likongwe akuti m'nyumba tulo take si timodzimodzi. Masana aliwonse amafuna awatengere kuvani, yomwe imangokhala pamalo pake pansi pa mtengo. Oyandikana nawo anazolowera, ndipo akamadutsa ndi agalu awo amakweza dzanja.

Lamulungu akaweruka kutchalitchi, Wilbroad amagula chimanga chowotcha ku Peckham n'kukwera basi. Amawakokolera madala m'kambale, poti dzanja limodzi silingathe. Kukagwa mvula amakoka chitseko n'kusiya kampata, onse awiri n'kumamvetsera madontho padenga la vani. A Likongwe amati ku Dedza mvula ikafika pamenepo ankasiya kuphunzitsa, chifukwa pamalata a sukulu yawo mawu a munthu sankamveka, ndipo ana ankagoneka mitu pamadesiki mpaka mvula itakata.