Dzina la Galu

Ndikakumbukira agogo aNangozo, ndimamva fungo la chidulo chikudontha m'kachitini kobowola, poti mchere unasowa nkhondo itangofika kumapiri kwathu, tsidya la Mozambique moyang'anizana ndi Dedza. Sanali agogo anga enieni, tinkangoyandikana nyumba. Mwana wawo mmodzi anali msilikali wa boma, wina anapita ndi a kutchire, ndipo mudzi wonse unkawanena ngati kuti anachita kusankha kubereka chotero. Iwo poyankha anatcha galu wawo Mundinene, ndipo ankamuitana mokweza dala anthu akamadutsa.

Bambo anga anali mlembi wa mudzi, munthu wa boma mpaka mumtima. Anatiphunzitsa kulonjera asilikali a boma kuti "kamarada", dzina limene a boma ankaitanirana, natiletsa ngakhale kukapala moto kwa aNangozo. Ine ndinkapitabe, chifukwa kachewere wawo wootcha sankandimana.

Tsiku lina masana, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndinali pakhomo pawo pamene amuna anayi amfuti anatulukira m'chimanga. Akuluakulu ankadziwa kuyang'ana kumapazi: a boma ankavala majombo, a kutchire nkhwaira kapena osavala kanthu. Ine ndinangoona mfuti. Ndinaimirira monyada, nkufuula kuti, "Kamarada!"

Wamtali anatembenuka. "Wakuphunzitsa ndani mawu amenewo? Bambo ako ndani?"

Dzina la bambo linali kale pamlomo pamene mbama ya aNangozo inandigwetsa pansi.

"Iwe, galu amaitanidwa alendo ali pakhomo?" anandikalipira. Kenaka anati kwa amunawo, "Pepani ana anga, ndi mdzukulu wanga wopanda mwambo uyu. Kamarada ndi galu wangayo. Kamarada, bwera!"

Anali atafumbata khoko la kachewere, ndipo Mundinene, wadyera uja, anabwera akugwedeza mchira. Amunawo anaseka mpaka kugwira m'mimba pomva kuti dzina la adani awo lapatsidwa galu. Anatenga nkhuku ziwiri nkumapita.

Nkhani inawanda. Patapita masiku asilikali a boma anabwera kudzafunsa za nkhalamba yotukwana boma kudzera mwa galu, ndipo anaitana bambo kuti achitire umboni. Bambo, amene anali asanaponde pakhomo limenelo zaka zitatu, anavula chipewa nati, "Mayi awa ndimawadziwa. Galuyo ndi Mundinene, funsani aliyense amene anamupweteka nalo mtima dzinali." Asilikaliwo anachoka osawachita kanthu aNangozo. Mawa lake bambo anandituma kwa agogowo ndi kamchere kathu komaliza m'kansalu.

Pamene tinkathawira ku Dedza, aNangozo anakana kutitsatira. "Ndikachoka, anyamata anga adzandipeza kuti? Onse awiri amadziwa khomo limodzi lomweli." Sitinawaonenso, ndipo zimandipweteka kuti ndinachoka ndikadali wokwiya nayo mbama ija, osanena zikomo.

Lero ndimasamalira okalamba kutsidya kwa nyanja, ku Armadale mumzinda wa Perth, ndipo m'sitima ya m'mawa ndimadzipeza ndikuyang'ana nsapato za anthu ndisanaone nkhope zawo. Mwana wanga wamkazi, wobadwira kuno ku Perth, nditamufotokozera nkhaniyi anandiyankha m'Chingerezi kuti kumenya mwana chotero ndi mlandu. Ndinaseka, nkumuuza kuti akanakhala kuti aNangozo anachedwa pang'ono kukweza dzanja, iye sakanabadwa. Patsaya lakumanzereli ndi pamene ndimagwira ndikamawapempherera.