Pulopela ya a Changu

Padoko ankawatchula kuti a Changu, chifukwa ngakhale tiyi ankamwa ali chiimire. Anayendetsapo minibasi, anawotchererapo zitsulo, anagulitsapo matayala, koma paliponse chaka sichinkatha asanatope napo. Apongozi awo atamwalira, boti lowolotsa anthu pamtsinje waukulu linagwera m'manja mwawo, pamodzi ndi injini yake yakale yopachika kumbuyo.

Mwezi wachitatu anagunda mwala, mapiko awiri a pulopela n'kuthyoka. Anathamangira kugalaja ya mlamu wawo, makaniko wodekha, yemwe ankapukuta sipanala ngati mbale ya alendo.

"Alamu, ndipatseni yothamanga kuposa zonse."

Mlamuyo anatsitsa mapulopela atatu pakhoma n'kuloza manambala odindidwa m'mbali: 9, 11 ndi 13.

"Nambalayi ndi kutalika kwa sitepe yake m'madzi. Ya 13 imaponda patali, koma imafuna boti lopepuka. Ya 9 imaponda pafupipafupi, koma imakoka katundu. Zili ngati magiya a minibasi yanu ija. Inu mumanyamula chiyani?"

"Anthu ofulumira," anatero a Changu, ya 13 ili kale m'khwapa.

Lopanda kanthu botilo linkauluka ndithu. Sabata yonse a Changu ankapitirira anzawo a maboti uku akuwabayibitsa. Lolemba lotsatira kunabwera aphunzitsi aakulu a sukulu ya kutsidya ndi matumba khumi a simenti komanso malata. Munakweranso amayi asanu ochokera kumsika. Pakati pa mtsinje a Changu anapotokola chogwirira cha injini mpaka kumapeto, koma injini inangobuula ngati ng'ombe yodwala, utsi uli tolotolo. Madzi anayamba kukokera botilo kumunsi, komwe kunali mizati ya mlatho wakale wogumuka.

"Bambo, tikubwerera m'mbuyo kodi?" anafunsa mayi wina atakumbatira dengu lake.

A Changu anapatsa aphunzitsi aja nkhafi, iwo n'kutenga ina. Anapalasa mpaka kukakocheza m'bango, kutali ndi doko, matumba awiri atanyowa. Amayiwo anatsikira m'matope osatsanzika n'komwe.

Mawa lake anakatenga ya 9. Iyi inkakoka katundu bwino, koma pobwerera opanda kanthu injini inkakuwa ngati ikung'ambika, petulo n'kumatha msanga. Kunyumba a Changu ankangozungulirazungulira pabwalo, mpaka mkazi wawo anawauza kuti akapitiriza choncho akumba ngalande.

"Mwina vuto ndi injini," anatero a Changu. "Ndingoigulitsa."

"Injini ya bambo anga? Pitani kwa achimwene, koma ulendo uno mukakhale pansi amalize kulankhula."

Mlamu uja anatseka galaja n'kutenga kachipangizo kowerenga liwiro la injini. Anauza a Changu kuti adzaze mchenga m'matumba olemera ngati anthu asanu ndi atatu, katundu wawo wa masiku onse. Anayesa pulopela iliyonse, kupita ndi kubwerera, mlamuyo akulemba manambala pachikatoni. Zinatenga m'mawa wonse. A Changu ankagwedeza mwendo mpaka thabwa lokhalira linkanjenjemera.

"Ya 11 ndiyo yanu," anatero mlamuyo pomaliza. "Injini ikupuma bwino nayo. Ya 9 izikhala pansi pa mpando, muziimanga tsiku la katundu wolemera. Ya 13 ndibwezereni."

Anabweza, koma m'galajamo anatuluka akucheukacheuka.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi ndipo akadali pamtsinje pomwepo, zimene mkazi wawo amadabwa nazo mpaka lero. Mtima wawo sunasinthe: amayenda uku ndi uku padoko, kuitana okwera amene sanatsike n'komwe m'basi. Koma munthu akabwera ndi matumba ambiri, amayamba anyamula thumba lililonse kuti amve kulemera kwake. Kenako amapinda buluku, kulowa m'madzi ofika m'mawondo, nati ya pulopela ili kukamwa, n'kuyamba kusintha pulopela. Okwera akadandaula kuti akuchedwa, amayankhira m'mano kuti nawonso akufulumira, n'kupempha amene ali pafupi kuti awapatsire sipanala.