Mapepala a Mayeso pa Mbaula

Bambo atamwalira, ndinapita ku Dedza kukatenga amayi kuti azidzakhala nane ku Nchenachena, kumene boma linanditumiza kukaphunzitsa. Anali atayamba kale kuiwalaiwala. Ankathira mchere kawiri m'ndiwo, nthawi zina n'kumandiitana ndi dzina la mng'ono wawo.

Tsiku lina masana, pochokera kusukulu, ndinawapeza akukoleza mbaula ndi mapepala a mayeso a ana a m'kalasi mwanga. Ndinali nditachonga theka lokha. Ndinapsa mtima kwambiri.

"Kodi munabwera kudzandichotsetsa ntchito? Mawa ndikukwezani basi, mubwerere kwanu!"

Amayi anayang'ana pepala limene linawatsalira m'manja, n'kuliwongola pabondo, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Pepani, aphunzitsi," anatero.

Ana analembanso mayesowo, nkhani ya kusukulu inathera pomwepo. Koma mayi woyandikana nafe nyumba, mkazi wa mkulu wa mpingo, anali atamva zonse akuyanika zovala. M'mawa mwake anandiitanira kuseri.

"Mumakalipa chomene, mwana wanga. Mtima ukapsa muzitenga ndowa, mutsikire kumtsinje. Mukabwerako ndi madzi ndiye muziyankhula."

Ndinaziona ngati zachibwana, komabe ndinayesa. Njira ya kumtsinjeko ndi yotsetsereka, ndipo ukamakwera ndi ndowa pamutu, mpweya wokalipira munthu sutsala. M'njira imeneyo ndi mmene ndinazindikira kuti mkwiyo wanga sunali wa mapepala okha. Ndinali nditatopa, ndipo achimwene anga awiri anali atandisiyira odwala ndekha. Ndinawaimbira foni n'kuwauza mosakweza mawu kuti pandekha sindikwanitsa. Mmodzi anatumiza mkazi wake kudzakhala nafe mwezi umodzi. Winayo anangodula foni.

Sindinawakalipirenso amayi, koma mantha sanawachoke. Anayamba kupempha chilolezo pa chilichonse, ngakhale kumwa madzi. Ndikalowa m'nyumba ankaimirira. Ndinachedwa kupepesa chifukwa cha manyazi. Tsiku limene ndinawagwadira, anandisisita kumutu n'kundifunsa, "Walakwa chiyani, mwanawe? Ndiwe mwana wa yani?"

Anadwala chibayo m'dzinja. Msewu unali matope okhaokha, galimoto inatitimira kawiri tisanafike kuchipatala ku Rumphi Boma, ndipo anamwalira patatha masiku atatu. Tinakawaika ku Dedza pafupi ndi bambo. Nditabwerera ku Nchenachena, panapita miyezi inayi ndisanatsegule chipinda chawo.