Kamisolo ka Salaula pa Depoti ya Ufa

Ine ndinamera mabere ndili mnyamata, ndipo sanali a masewera ayi. Anzanga a ku Kanyama akumera ndevu, ine ndinalandira zonse ziwiri, ndevu ndi mabere. Kuyambira pamenepo jekete inasanduka khungu langa. Ngakhale mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, ine ndinali mu jekete, thukuta lili kamukamu.

Zaka zimenezo makampani ankatsekedwa motsatizana, mitengo ya zinthu ikukwera ngati yalumidwa ndi njuchi. Ine ndinkagwira pisiweki, ganyu wa tsiku ndi tsiku, pa depoti ina ya ufa kufupi ndi tauni. Kagwiridwe kake kanali kotere: awiri pansi amaponya thumba m'mwamba, mmodzi pa lole amaliwakha ndi chifuwa n'kulisanja. Wowakha ndinali ine. Anzanga, omwe ankagwira ntchito chifuwa chili pamtunda, ankakonda kunena kuti, "Uyu ali na makushoni, thumba siimupweteka." Ndinkaseka nawo, koma mawuwo ankandiwawa mpaka kunyumba.

Nditadikira nthawi yaitali, ndiponso nditagulitsa wailesi yanga, achipatala anandichita opaleshoni. Nditatsitsimuka ndinasisita pachifuwa, n'kupeza pali see ngati tebulo. Ndinalira, sindibisa. Koma dokotala anandithira madzi ozizira: osanyamula zolemera mpaka mabala atapola, ndipo ndizivala chovala chothina chomanga chifuwa usana ndi usiku. Atatchula mtengo wake, ndinangothokoza mwaulemu n'kutuluka.

Mlongo wanga wamkulu ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika. Atamva vuto langa anapisa mkono m'belo n'kutulutsa kamisolo ka azimayi, kaja kamafinya kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno, kapinki, ka maluwa m'mphepete, tingowe tili ndandanda kumsana.

"Ba sisi, nachosa mabele kuti nileke kusekewa, manje munivalika ichi?"

"Iwe vala chabe. Nindani azakuona mukati?"

Kanandigwira bwino kwabasi, ndipo zimenezi n'zimene zinandinyansa kwambiri.

Kukhala pakhomo mpaka kupoleratu sikukanatheka. Pageti la depoti m'mawa uliwonse pankaima khamu la amuna ochotsedwa ntchito m'mafakitale, ena mataye ali m'khosi. Kapitawo wathu akangoona munthu akutsimphina, ankaloza chala kugeti, malo ako apita. Ana anga awiri ankadya kuchokera pa lole imeneyo. Choncho ndinabwerera msanga, kamisolo m'kati, malaya pamwamba, jekete pamwamba pake. Anthu ndinawauza kuti ndinadwala malungo.

"Malaliya ya masiku ano yadya na makushoni?" anafunsa mmodzi, akundiyang'ana pachifuwa. Ndinakwera pa lole ngati sindinamve.

Thumba loyamba linabwera. Abale inu, kale ndinkaona ngati matumba aja ndi opepuka, osadziwa kuti amene ankagwira ntchito anali malemu mabere aja ndinawasiya kuchipatala. Linandimenya pabala penipeni, maso anachita mdima. Lachiwiri ndinaliwakha ndi mimba, lachitatu ndi bondo. Lachinayi ndinalizinda, koma pozindapo jekete inakola pa msomali wa lole, ndipo inang'ambika pamodzi ndi malaya kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Ndinaima pamwamba pa lole, pamalo oonekera depoti yonse, maluwa apinki ali poyera.

Kenako phwete! Wina anagwa chagada pa matumba. Wina anakuwa, "Mwana, wachosa mabele wagula bra! Unayambila kumbuyo!" Ine sindinkamva n'komwe zimenezo. Maso anga anali ku ofesi, kumene kapitawo ankatuluka kudzaona chomwe chaimitsa ntchito. Akanangofunsa chifukwa chovalira kamisolo, za mabala zikanaululika, ndipo chala chikanaloza kugeti.

Pagulu pathu panali mdala wina wa ku migodi ya ku Kopabeloti, wosakonda kulankhula, yekhayo amene sankavula malaya ngati ine. Anabwera pafupi ndi lole, nakweza malaya ake pang'onopang'ono. M'chiuno monse anali atazenga chubu cha njinga, pamwamba pake chitenje cha akazi ake. Msana unatha kalekale, iye osauza munthu. Mnzathu wina anapinda buluku, bondo lili lomangamanga ndi sokosi zakale. Kuseka kunazilala. Aliyense anali ndi pake pamene ankabisira geti lija.

"Ni chani apa?" anafunsa kapitawo.

"Ni yunifomu ya manje, ba kapitao," anayankha mdala uja nkhope ili gwa. "Vomanga thupi kuti nchito iziyenda. Uyu chabe anasankha kala yoipa."

Kapitawo anandiyang'ana, nayang'ana chubu chija, nayang'ananso lole yomwe inali isanadzaze. Anapukusa mutu n'kubwerera mu ofesi. Mdala anandiuza kuti nditsike. Kuyambira tsiku limenelo anzanga ankasinthana kuwakha, ine n'kumasoka matumba ong'ambika ndi kusesa ufa wotayika mpaka mabala anapola. Kundiseka sanasiye, ndipo mlongo wanga anapeza makasitomala atsopano, onse ofunsa monong'ona ngati kalipo kamisolo kakuda.

Tsiku limene ndinapoleratu, ndinafika m'mawa, n'kuvula jekete, n'kuvula malaya. Ndinakwera pa lole chifuwa chili pamtunda koyamba chikulireni, mphepo ikundikhudza pamene inali isanandikhudzepo, n'kudikira kuti wina anenepo kanthu. Palibe anatembenuka.

"Iwe, gwila thumba!" anakuwa wina pansi.

Kamisolo kaja ndinapatsa mdala. Anati kamagwira msana kuposa chubu, ndipo anavala mpaka maluwa onse anathothoka.