Wailesi Yodzutsa Bambo

Inali yakuda, kukula kwake ngati buledi, ndipo kutsogolo kwake kunali manambala ofiira owala okha mumdima. Pamwamba pake panali kachivindikiro kamene ukakadina kankayasama pang'onopang'ono kuti uikemo chimbale. Bambo anaigula m'sitolo ya Msilamu wina pa boma, chaka chimene anapeza ntchito yocheka matabwa m'phiri la Dedza, ndipo anaiika pa kampando kumutu kwa bedi lawo. Inali wailesi, inali wotchi, inalinso choimbira nyimbo. Ine ndinali mu sitandade fili, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba ngati ndinaipanga ndine.

Ubwino wake unali woti inkadzutsa munthu mwaulemu. Lole ya ocheka matabwa inkadutsa pa msewu wa tala kusanache, ndipo sinkadikira munthu. Nthawi ikakwana, wailesi ija inkayamba yokha nyimbo ya kwaya, chapansipansi, kenako n'kumakweza mawu mpaka Bambo atsokomole, afufuze nsapato. Chimbale tinali nacho chimodzi chokha, chokalika, moti pa nyimbo yachiwiri oimbawo ankachita chibwibwi mpaka wina amenye pachivindikiro. Mayi ankati m'nyumba mwalowa Akhristu osatopa. Koma ankaipukuta fumbi tsiku lililonse ndi nsonga ya chitenje.

Kuipa kwake tinakudziwa chisanu chitafika. Chinthu chija chinali choiwalaiwala. Magetsi akangothima, ngakhale kanthawi koti munthu n'kumeza malovu, chinkaiwala zonse: nthawi, nyimbo, ndi ola lodzutsira Bambo. Akayakanso, manambala aja ankangophethira, kuphethira, ngati mwana wofunsidwa samu imene sanaphunzire.

Ndipo magetsiwo sanali athu. Ankachokera ku chigayo cha Amalume, achimwene awo a Mayi, kudzera pa nthambo imodzi yopachikidwa pa mitengo ya bulugama. Kunena zoona, pamudzi paja panalibe chathu chimene sichinali cha kwa Mayi: malo a nyumba, munda wa mbatata ya kachewere, ngakhale mtengo wa mapichesi wa pakhomo. Bambo anali mkamwini. Kwawo kunali kuseri kwa Linthipe, ndipo kuno anabwera ndi bulangete ndi manja awo. Wailesi ija ndicho chinali chinthu chokha chimene akanatha kuloza n'kunena kuti ichi n'changa.

Chaka chimenecho mota ya chigayo cha mudzi woyandikana nafe inapsa magetsi atabwera mwamphamvu. Amalume anachita mantha. Anayamba kutsitsa switchi yaikulu madzulo alionse amene mababu aoneka kuti akunjenjemera, ndipo ankaikweza m'mawa potsegula chigayo, dzuwa litatuluka kale. Sindikufuna kuwanamizira nkhanza. Chigayo chija chinkadyetsa makomo ambiri, lathu lomwe. Mayi atalimba mtima n'kukawadandaulira, anayankhidwa ndi funso limene mpaka lero sindinalipezere yankho: "Mota ikapsa, achemwali, wailesi yanuyo ndiyo izigaya chimanga?"

Aphunzitsi athu, amene ankatha kuwerenga Chingerezi cha pa mabatani, anabwera tsiku lina n'kuitembenuza chagada. Anationetsa kachipinda kopanda kanthu kunsi kwake, malo a kabatire ka makona anayi, ndipo anati kameneko kakanaithandiza kusaiwala. Bambo anakafunafuna pa Linthipe ndi pa boma pomwe. Kulikonse ankawatulutsira mabatire a tochi. Mafoni nthawi imeneyo anali asanafike m'manja mwa anthu ngati ife, ndipo tambala wa m'chisanu cha ku Dedza amalira pamene wafunira.

Ndimakumbukira m'mawa wa miyezi imeneyo ndi khungu langa. Chifunga chinkatsika m'phiri n'kumeza chigayo, bulugama, ndi nyumba ya Amalume. Madzi a mu ndowa ankaluma zala. Jekete ya Bambo inkanunkha utomoni wa paini ndi utuchi, ndipo ndikadzuka n'kumva fungo limenelo m'nyumba kunja kutayera, mtima unkagwa, chifukwa ndinkadziwa kuti lole yawasiya. Ankanyamuka wapansi, kukafika anzawo atagwetsa kale mitengo. Masiku ena, poopa kuchedwa, ankalawirira mopitirira n'kukaima pa msewu nthawi yaitali, mphepo ikuwalasa, mpaka anatola chifuwa chimene chinkamveka ngati sowo yobuntha. Mayi anali ndi khanda lolira usiku wonse, ndipo m'bandakucha ndi pamene tulo tinkawagwira. Ankadziimba mlandu, Bambo n'kumawauza kuti asadandaule, kenako onse awiri n'kumayang'ana manambala ophethira aja.

Ndikaganiza lero, pankangofunika mawu ochepa pakati pa amuna awiri. Koma kwa eni kulibe mkuwe. Mkamwini sapita kwa mlamu wake kukamuuza za chigayo chake. Dandaulo limadzera kwa ankhoswe, ndipo ndani akanasonkhanitsa ankhoswe chifukwa cha wailesi? Akanasekedwa mudzi wonse. Choncho Bambo ankakumana ndi Amalume panjira, n'kuvula chipewa, n'kufunsa za moyo.

Kenako kapitawo wa kuntchito anauza Bambo kuti akachedwanso asadzavutike n'kubwera. Madzulo a tsiku lomwelo mphepo inawomba, mababu ananjenjemera, Amalume anatsitsa switchi n'kupita kwawo. Ndinaona Bambo atakhala pakhonde nthawi yaitali, akusisita maondo. Kenako anadzuka, anapita kuchigayo, anatsegula kabokosi ka pakhoma, n'kukweza switchi ija ndi dzanja lawo. Atabwerera anatcheranso nthawi pa wailesi.

Palibe chinapsa. Kwaya inaimba pa nthawi yake, Bambo anakwera lole, ndipo ine ndinapita kusukulu ndikudumpha, poganiza kuti vuto latha. Pobwerako ndinapeza nthambo yathu itatsitsidwa pa mitengo, itakulungidwa bwinobwino, ili pakhomo pa chigayo. Tsopano ankhoswe anasonkhana, pakuti mlandu unalipo: mkamwini wagwira za eni ake. Ndili kuseri kwa nkhokwe ndinamva wina akuti lero ndi switchi, mawa ndi munda. Wina anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mayi nawonso analipo. Anakhala pamphasa, mwana ali kubere, maso pansi, pakati pa mchimwene wawo ndi mwamuna wawo.

Bambo anapepesa ndi nkhuku. Nkhuku inalandiridwa, nthambo sinabwerere. Wailesi inakhalabe pa kampando kaja, nkhope ili bii, ndipo sabata isanathe ntchito inatha. Analowa m'munda kukumba mbatata, akutsokomola, ndipo ankalima kuposa aliyense, koma pamudzi anali atasanduka munthu amene akafika nkhani zimasintha. M'nyumba munayamba kulankhulidwa motsitsa mawu. Ine zonsezi ndinkaziona, ndipo chimene chinkandiwawa kwambiri, ndinene mosabisa, chinali chakuti anzanga analeka kubwera kudzasuzumira wailesi pawindo.

Anachoka mapichesi akuyamba maluwa, masana dzuwa likuswa mtengo. Anamanga bulangete ndi chingwe, anaika tupa wawo wonolera sowo m'thumba la jekete, ndipo nkhoswe ya kwawo inali itaima panjira kuwadikira. Anandiuza kuti akupita kukaona agogo. Mayi sanatuluke. Nditasuzumira kuchipinda n'kuona kuti pa kampando pali chimene chatsala, ndinathamanga mpaka kuwapeza pa bulugama wotsiriza.

"Ababa, mwaiwala wailesi."

"Sindinaiwale, mwanawe. Uziisamala."

Anandigwira pamutu, dzanja lawo lokhakhala likukola tsitsi langa, ndipo analisiya pomwepo nthawi yaitali mpaka ndinayamba kunyinyirika. Ndinkafuna andisiye ndithamange ndikauze anzanga kuti wailesi ija tsopano ndi yanga. Ndinawauza kuti pobwera adzanditengere nzimbe, iwo anavomera ndi mutu, ndipo ndinatembenuka iwo asanatembenuke. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba. Mayi ndinawapeza atakhala pansi kuseri kwa chitseko, atadziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo ndinawafunsa ngati utsi wawalowa m'maso.