Bulangeti Padenga Masana

Mnzanga wa ku Nepal, amene tinkagona naye chipinda chimodzi m'dera la Al Muntazah, kudziko lachilendo kumene tinkagwira ntchito, ndinamupeza padenga dzuwa likuswa mtengo, atafunda bulangeti. Kunkatentha moti ngakhale amphaka anali atabisala, koma iye ankanjenjemera mpaka mano kugundana.

"Mafi mushkila, palibe vuto," anatero. "Kwathu kumapiri kuli agulugufe oyera, aubweya m'thupi. Akazizidwa sauluka. Amatambasula mapiko pamwala mpaka atenthedwe, kenako n'kumapita. Inenso ndikungoothera dzuwa."

Ndinapsa mtima. Inali nthawi ya korona, ndipo lamulo linali litangosintha kuti munthu atha kusintha ntchito osapempha bwana. Yaulonda ndinali nditaisiya kale, mawa lake ndimakayamba kuhotela. Mmodzi akapezeka ndi matendawa, chipinda chonse ankatitsekera ku quarantine, ndipo hotelayo sikanandidikira.

Iye ankazidziwa zimenezi. N'chifukwa chake anathawira padenga, kuti ndisamumve akutsokomola.

Anatsokomola mpaka kugwada pansi. Ndinatulutsa foni.

"Usaimbe, mchimwene. Ntchito yako ija."

"Khala chete, aise," ndinamukalipira uku ndikuitana ambulansi. "Agulugufe akwanuwo amatsokomola chonchi?"