Madeya M'mimba mwa Zidole

Ntchito yanga yoyamba inali yoluka zidole. Anthu akamva amaseka. Ine sindiseka nawo.

Sukulu ndinalekera Sitandade 6. Ndinachoka kwathu ku Mphunzi n'kupita pa Chimbiya kukamanga matumba a kachewere. Amene anaonapo matumbawo akudziwa. Mbatata timathira mpaka kusefukira, kenako pamwamba timalukapo ukonde wa chingwe kuti isatayike pa lole. Ganyu wake anali wa apo ndi apo. Tsiku lina mayi wina wa magalasi omanga ndi waya anaima n'kumayang'ana manja anga. Anali a Nachisale. Anandifunsa ngati ndingaluke choncho ndi ulusi wa juzi. Ndinati sindikudziwa. Anati ndibwere Lolemba.

Tinkagwirira m'kachipinda kuseri kwa golosale. Munali a Nachisale ndi amayi ena atatu. Mwamuna ndinali ndekha. Zidole zake sizinali za anthu kapena nyama. Zinali zakudya: chimanga, tomato, kachewere, nthochi, dzira, mandasi, kapu ya tiyi, botolo la mkaka. Chilichonse chinali ndi timaso tiwiri ndi kakamwa komwetulira. Ankagula ndi alendo oima pamsewu, ndi ena ochokera kukaona zojambula za m'mapanga kwathu.

Singano za m'sitolo zinali ndi a Nachisale okha. Ife tinkalukira masipoko a njinga, onola pa mwala mpaka nsonga isalale. Ndinapatsidwa masipoko anayi, sizasi, ndi singano yaikulu yosokera. Ulusi wambiri unkachokera ku majuzi a kaunjika. Tinkawamasula, kuchapa ulusiwo, n'kuukulunga pa miyendo ya mpando kuti uwongoke.

Tomato ndiye anali poyambira. Mfundo zisanu ndi imodzi pa sipoko, kuwonjezera mzere ndi mzere mpaka pakati, kenako kumalukira ziwiri pamodzi kuti atsekeke. Woyamba wanga anatuluka ngati sokosi. Amayi aja anamupachika pa msomali, ndipo anakhala pamenepo chaka chathunthu. Pofika mwezi wachitatu ndinali nditapatsidwa chimanga, chomwe chinali chovuta kuposa zonse, chifukwa njere iliyonse imafunika ioneke payokha ndipo makoko obiriwira amalukidwa padera.

Malamulo a Nachisale anali awiri. Maso ndi osoka, osati mabatani, mwana angameze. M'mimba mwa chidole mumalowa tizidutswa ta nsalu touma, todula ngati chikhadabo. Basi.

Nsaluzo tinkatenga kwa Che Yusufu, telala wa tsidya la msewu. Wokatenga anali amene wabwera kumene, kutanthauza ine. Vuto linali khonde lawo. Pankakhala abambo osewera bawo tsiku lonse, ndipo wamkamwa kwambiri anali a Kaduya, wokonza njinga. Ulendo woyamba anaona ulusi ukulendewera m'thumba la buluku langa.

"Achemwali afika. Apatseni mpando. Mutilukireko kabudula, kwazizira."

Khonde lonse linaseka. Wina anati ku Mphunzi kulibe mkazi amene angalole mwamuna wolimbirana naye singano. Kuyambira tsikulo ndinkapeza zifukwa, ndipo amayi aja ankanditengera nsaluzo pondimvera chisoni.

M'mwezi wa June kunabwera asisitere ena a ku parishi. Ankatsegula sukulu ya mkaka, ndipo ankafuna zidole makumi anayi zophunzitsira ana magulu a zakudya. Anati adzatenga Lachisanu, 3 koloko masana. A Nachisale anatiuza kuti asisiterewo akakhutira adzatitumizira a maparishi ena, ndipo sitidzadaliranso alendo a pamsewu okha.

Lachitatu kunagwa maliro kumudzi kwa mmodzi wa amayi aja. Onse anapita. Zawo anali atamaliza. Zanga khumi ndi ziwiri zinali zoluka kale koma zopanda kanthu m'mimba, ndipo thumba la nsalu linali litatha. Pochoka, a Nachisale anati ndikatenge kwa Che Yusufu, nditseke zidolezo, ndiike zonse m'katoni.

Ndinafika mpaka pamsewu. Ndinamva mawu a Kaduya tsidya lija. Ndinakhota n'kupita kuchigayo.

Kwathu mpira wa ana timaphatikamo chilichonse chimene chilipo. Ndinaganiza kuti madeya ndi ofewa, ndi ouma, ndipo palibe adzaone. Ndinathira. Kunena zoona, zinakongola. Chimanga chinalemera m'manja ngati chenicheni. Mandasi anatupa bwino. Ndinatseka katoni, ndinakhoma chitseko, ndinapita kwathu ndikudzitama mumtima.

Lachisanu m'mawa tinatsegula. Katoni inali ndi bowo pakona. Pansi panali madeya mbwee, ndi zitosi za makoswe. Zidole za amayi aja zinali bwinobwino. Zanga zonse zinali zobooka. Chimanga china chinatsala nkhope yokha, chikumwetulirabe.

A Nachisale anatola chimanga chimodzi, anachigwedeza, madeya n'kumathothoka. Sanakalipe.

"Fabiano, makoswe sadya ulusi. Waikamo chiyani?"

Ndinawauza. Anafunsa chifukwa chake. Ndinawauzanso, maso ali pansi. Kenako anawerenga zowonongeka. Zisanu ndi zinayi zinali zotheka kuzikhutula, kuzitsuka ndi madzi otentha, kuziumitsa pa mbaula n'kuzisoka. Zimenezo anapatsa amayi aja. Zimanga zitatu zinali zotheratu. Anati zimenezo ndi zanga, ndipo 3 koloko ikakwana katoni isanadzaze ndibwerere ku matumba a kachewere.

"Ndipo ukalukire pakhonde pa Che Yusufu. Nsalu zili komweko."

Ulusi wachikasu unalipo. Wobiriwira wa makoko unali utatha, ndipo tsiku la msika wa kaunjika linali lisanafike. Juzi yomwe ndinavala inali yobiriwira. Anandigulira ndi mayi anga pamene ndinkachoka kumudzi. Inali imodzi yomweyo. Ndinaivula, ndinadula msoko wa paphewa, ndinamasula mkono wakumanzere.

Ndinawoloka msewu masipoko ali m'manja, poyera. Ndinapereka moni, ndinakhala pansi pafupi ndi makina, ndinayamba. Kunali chifunga ndi kamphepo kochokera kuphiri. Zala zinkauma, ndinkaziika m'khwapa pang'ono n'kupitiriza.

A Kaduya anayamba nthawi yomweyo. Anafunsa ngati achemwali asamukira konkuno. Anafunsa ngati mkono wa juzi ndaupereka chikole. Anati masipokowo ndi a njinga yawo, ndilipire. Anzawo ankaseka. Ine ndinkawerenga mfundo. Ukamawerenga, makutu amatseka okha. Zimenezi ndinazidziwa tsiku limenelo.

Chimanga choyamba chinatha cha m'ma 10. Kuseka kunali kutachepa. Che Yusufu anali atamva nkhani yonse kwa mmodzi wa amayi aja. Anaimitsa makina, anatenga sizasi yawo yaikulu n'kuiika pa bondo la a Kaduya, pamodzi ndi mulu wa nsalu.

"Pakamwa patopa. Manja agwireko."

A Kaduya anang'ung'udza, koma anadula. Ankadula zazikulu, ndinawauza kuti achepetse, anachepetsa. Masana Che Yusufu anapita ku mzikiti n'kutisiyira khonde. Sindinadye. Wina anandiikira kapu ya tiyi pambali, sindinaone kuti ndani.

Chachitatu ndinachitseka 3 koloko itatsala pang'ono. A Kaduya anachitenga, anachitembenuza uku ndi uku ngati akugula pamsika.

"Chimanga chanji chopanda ndevu? Iwe unalimapo?"

Ananena zoona. Miyezi yonseyo palibe anaganizapo. Anatola ulusi wofiirira pansi pa makina n'kundipatsa. Ndinasokerera tingapo kunsonga. Nthawi ya zinazo panalibe.

Asisitere anafika pa galimoto ya parishi. Anali munthu wosafulumira. Ankatenga chidole chimodzichimodzi, kuchifinya, kukoka maso, kuchinunkhiza. Anafika pa zotsuka zija. Anadutsa. Kenako anatola cha ndevu chija n'kufunsa amene waluka. A Nachisale anandiloza ndi chibwano. Asisitere anayang'ana chimanga, anayang'ana juzi yanga ya mkono umodzi, anayang'ananso makoko a chimangacho. Anangoti zimanga zonse za mtsogolo zizikhala ndi ndevu.

Galimoto itapita ndinadikira kuti a Nachisale anene za ine. Ankasesa madeya. Anandipatsa tsache n'kunena kuti Lolemba ndibwere ndi mphaka.

Ndinakhala nawo zaka zisanu ndi chimodzi. Maparishi ena anabweradi. Nsalu ndinkakatenga ndekha, ndipo masiku a dzuwa ndinkalukira pakhonde pomwepo. A Kaduya sanasiye kunditchula achemwali mpaka imfa yawo, koma mdzukulu wawo woyamba anakula akugona ndi botolo la mkaka loluka ine.

A Nachisale anatisiya kalekale. Kachipinda kaja pano amagulitsiramo mafoni. Ndikamadutsa ndimamvabe fungo la ulusi wonyowa ndi makala a mbaula, ndi amayi aja akuimba nyimbo za kwaya molakwitsa mawu. Masiku amenewo anali abwino. Sindinkadziwa.

Pano ndimalima kachewere kwathu ku Mphunzi, koma mvula ikatha ndimalukabe, panja, aliyense akuona. Amene ndimawaphunzitsa ndimawauza zomwe ndinaphunzira Lachisanu lija. Chimene wabisa m'mimba mwa ntchito yako chidzatuluka, ngakhale mwini ntchito asaone. Ndipo kuseka kwa anthu sikuboola kanthu. Makoswe ndiwo amaboola.

Juzi ija ilipo, m'sutikesi. A Nachisale anandipatsa ulusi woti ndilukire mkono wina. Wobiriwira sunapezeke. Mkonowo ndi wofiira, wa tomato.